Mbale Imene Sindinavundukule

Amene anayamba kundiuza anali mnzanga wa pa doko, mayi amene timayala naye malonda pamodzi, iye nsomba zowamba, ine nthochi ndi mandasi. Ndimayankha choncho anthu akandifunsa. Koma ndikakhala ndekha ndimadziwa kuti uthengawo unali utafika kale m'mawa wa tsiku lomwelo, pakhomo panga penipeni, ndipo ine ndinaulandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Ine si wa kuno. Kwathu ndi ku Ntchisi, ku Nkhata Bay kuno ndinabwera ndi ukwati. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chitonga ndinachiphunzira pa msika, choncho chimene ndimadziwa ndi chogulitsira, chopatsira moni ndi chopepesera pa maliro. Cha milandu ndi cha maukwati sindinachiphunzire, chifukwa zimenezo amakamba ndi alamu anga, akulu awo a bambo a ana. Liwu loyamba limene ndinaligwira nditafika ndi lakuti yewu, zikomo wa kuno. Ndinalikonda chifukwa ndi lalifupi ndipo anthu ankamwetulira ndikalinena. Munthu akandipatsa madzi, yewu. Akandipatukira panjira, yewu. Bambo a ana asanapite ku Joni ankandiseka kuti, "Iwe ngakhale njoka itakuluma udzati yewu."

Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekha, enawo ndi amuna ndipo ali kale pa okha. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali Sitandade 8, mayeso atatsala milungu isanu. Masiku ena ankagona kwa azakhali ake kufupi ndi boma, chifukwa kumeneko kuli magetsi owerengera. Ndiye atapanda kubwera Lamlungu madzulo, sindinadabwe. Ndinaika chakudya chake pambali, m'mawa ndinachipereka kwa nkhuku.

Mlungu wa m'mbuyo mwake kunali maliro kwa aneba, ndipo ndinabwereketsa mbale zanga zonse zachitsulo. Zinkabwera imodziimodzi, aliyense amene waipeza kwake amabwera nayo.

M'mawa wa Lolemba limenelo sitima inali italira kale. Ndinali ndikumanga dengu mothamanga pamene ndinaona bambo wachikulire wovala jekete atanjuta kumapeto kwa bwalo, pansi pa mango. Ndinamupatsa mpando, anakana. Pamenepo ndikanayenera kudabwa. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope ili pansi, n'kuika patsogolo pake kanthu komangidwa m'nsalu. Maonekedwe ake anali a mbale ziwiri, ina yovundikira inzake.

"Ama," anatero, "penjerani kuno."

Kupenja ndimakudziwa, ndi kufunafuna. Ndinamva ngati akuti mbale zanu zimene mukufunafuna zija nazi. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsa amayi anga, ndinati, "Yewu, ada. Yewu kwambiri." Anandiyang'ana kanthawi ngati akudikira mawu ena, kenako anadzuka n'kumapita. Ine ndinaika mbalezo pamwamba pa kabati, ndinasenza dengu.

Pa doko panali piringupiringu ngati masiku onse a sitima, onyamula katundu akukuwa kuti tipatuke, matumba a usipa akutsika, malata ndi njinga zikukwera. Mnzanga uja anandiyang'ana ndikuyala nthochi mpaka ndinamaliza.

"Anzanga, mwabwera kudzagulitsa lero?"

"Nanga sitima ibweranso mawa?"

"Mwana wanu wagona kuti?"

"Kwa azakhali ake."

Anapukuta manja pa chitenje. Anati mng'ono wake, amene amakhala kumtunda kuseri kwa gombe la Chikale, wamuona mwana wanga m'mamawa akusesa pabwalo la mayi ena a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mayiwo ali ndi mwana wamwamuna, mwini boti la injini, munthu wa zaka zopitirira makumi atatu amene mkazi wake woyamba anachoka. Mwana wanga anali atavala chitenje chatsopano.

Bambo wina anaima n'kufunsa nthochi zakupsa bwino. Ndinamusankhira, ndinamuikira m'jumbo. Ndimakumbukira kuti malaya ake analibe batani lachiwiri.

"Thenga sanafike kwanu?" anafunsa mnzangayo.

"Thenga ndiye ndani?"

Anandifotokozera. Kuno mwamuna akatenga mtsikana osadzera kwa makolo, kwawo kwa mwamunayo amatuma munthu m'mawa mwake ndi kanthu m'mbale, kukanena kuti musavutike kufunafuna mwana wanu, funirani kuno. Makolo akakwiya salandira. Ena amamuthamangitsa thengayo, ena amangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Akalandira, ndiye kuti nkhani yayamba kuyenda, chatsala ndi kukambirana za malowolo. Kwathu ku Ntchisi zimenezi kulibe, mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi.

"Anafika," ndinatero. "Anali ndi mbale."

"Munatani?"

"Ndinalandira."

"Munati chiyani?"

"Ndinati yewu."

Anakhala pansi pa beseni lake lovundikira. "Inu aChewa," anatero motsitsa mawu, "zaka zonsezi mumangodya nsomba zathu, makutu munawasiya ku Ntchisi?"

Sindinalire. Anthu amaganiza kuti mayi akamva zotere amagwa pansi kapena kuthamanga. Ine ndinakhala pomwepo ndikugulitsa mpaka sitima inanyamuka, ndipo dengu linatha lonse. M'kati mwanga munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, umaugwira koma osamva kuti ndi wako.

Masana ndinapita kwa alamu. Ndi munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, ndipo chichokereni bambo a ana sanatisiyepo ndi njala. Ndinawapeza akumangirira nthambi za malalanje. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mlamu, ifenso sitikukondwa," anatero. "Mwanayo ndi wamng'ono, ndikudziwa. Koma wagona kale kumeneko. Mbale mwalandira, mwathokoza, thenga wakanena. Tikatembenuka lero, anthu adzati banja lathu lili ndi malilime awiri. Ndiponso akabwerera, adzamukwatira ndani? Tiyeni tingoonetsetsa kuti akamusunge bwino."

"Nanga mayeso, alamu?"

Anayang'ana malalanje awo. "Mayeso amalemba ana a sukulu, mlamu."

Ndinaimbira foni bambo a ana. Mawu ankadukaduka, kumbuyo kwawo kukumveka magalimoto. Chimene ndinamva bwino ndi chakuti, "Mvera achimwene, ine ndili kutali." Ndipo ine, pozolowera, ndinatsala pang'ono kuthokoza.

Masiku atatu otsatira sindingawafotokoze bwino chifukwa anali ofanana. Ndinkadzuka, kukazinga mandasi, kupita ku msika, kubwera. Yunifolomu yake inali pa chingwe, ndinaichapa Loweruka, ndipo inakhala pomwepo ikuuma ndi kunyowa ndi mame. Mbale zija zinali pamwamba pa kabati ndi mfundo yake ya nsalu. Sindinazisunge mwanzeru ayi, ndisaname. Ndinkangolephera kukweza dzanja. Ine ndine munthu wopemphera kuyambira ndili mwana, koma ndikagwada mawu sankabwera. Ndinkangomva wailesi ya aneba ndi maondo kuwawa. Ndinkati, "Ambuye, ndili pano," basi, n'kudzuka.

Lachinayi ndinapita ku mapemphero a amayi, chifukwa miyendo inazolowera. Mayi a mwamuna uja anabwera kudzakhala pafupi nane pa benchi. Tinaimba limodzi zaka zambiri, mawu awo ndi okoma, pa maliro a apongozi anga ndi iwo anagona nane pa mphasa imodzi. Anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Asebele, mwana ali bwino, akudya." Asebele ndi mmene amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana. Anandipatsira buku la nyimbo. Ndinalilandira, koma liwu lija la yewu silinatuluke. Kanali koyamba kulandira chinthu m'manja mwa munthu osanena kanthu.

Lachisanu masana mnzanga wa pa doko anabwera kunyumba ndi aphunzitsi a mwana wanga. Ndi iye anakawauza, ine sindinaganizeko n'komwe za kusukulu. Madamuwo ndi mayi wachitsikana, wa ku Mzuzu, wolankhula mosazungulira. Anakhala pa mkeka osadikira mpando.

"Amayi, mpando wake uli wopanda munthu mlungu wonse. Dzina lake linapita kale ku mayeso. Ndimaganiza kuti akudwala."

Anandiuza kuti lamulo la dziko sililola ukwati wa mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kaya makolo avomere kaya akane. Anati ngati ndikufuna, tipite ku polisi tsiku lomwelo.

"Koma ndinavomera, madamu. Ndinathokoza pamaso pa thenga."

"Munadziwa chimene mumathokoza?"

"Ayi."

Mnzanga anali ataimirira, akuyang'ana pamwamba pa kabati. "Ndi zimenezo?" Anayandikira osazikhudza. "Mfundo iyi munamanga ndinu?"

"Ayi, ndi yomwe inabwera."

"Simunavundukule?"

"Ayi."

"Ndiye mbale sinalankhule," anatero. "Mbale imalankhula ikavundukulidwa. Iyi ikadali duu. Yewu wanu uja munathokoza nsalu. Mawa tikaibweze mmene inabwerera."

Sindinamve chimwemwe kapena mphamvu. Ndinangoona kuti pali chinthu choti ndinyamule ndi malo oti ndipite nacho, ndipo zimenezo ndimazitha. Ndinatuluka panja n'kuchotsa yunifolomu pa chingwe, ndinaisita.

Loweruka m'mawa tinanyamuka atatu. Mbale ndinazisenza pamutu, yunifolomu m'jumbo. Tinadutsa ku Chikale, asodzi akuyanika maukonde, ena akutipatsa moni ndi kufunsa ngati tikupita ku chinkhoswe. Kenako njira imakwera pakati pa minda ya chinangwa, miyala yokhayokha. Madamu anavula nsapato zawo za ku ofesi n'kuzigwira m'manja. Mnzanga ankawaseka kuti anthu a ku Mzuzu amadziwa kuzizira kokha, phiri salidziwa. Ine ndinkayang'ana mapazi anga.

Mwana wanga ndinamuona iye asanatione. Anali kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa chovuula pa thandala, atamanga mpango kumutu ngati mayi wa pabanja. Manja ake anali oyera ndi chinangwacho. Atationa anaima, kenako anabwera n'kugwada patali, mmene amagwadira mtengwa pamaso pa alendo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Mwana amene masiku onse amandilanda mandasi otentha m'chiwaya.

Mayi a mwamuna uja anatuluka akumwetulira, anatiyalira mkeka. Mwana wawo anali ku nyanja. Kumwetulirako kunatha ataona chimene ndinatsitsa pamutu. Ndinachiika pansi pakati pathu.

"Amayi anzanga," ndinatero m'Chichewa, chifukwa Chitonga chinandithawa, "katundu wanu uyu. Sindinamasule. Ndinkayesa mbale zanga za ku maliro."

"Asebele, musatichititse manyazi. Thenga anabwera ndi yankho. Munalandira ndi manja awiri."

"Analandira nsalu," anatero mnzanga. "Onani mfundo. Ndi yanu kapena si yanu?"

"Mwambo umenewo ndi wa kuti? Ine ndabadwira konkuno, sindinaumvepo."

"Mwina munabadwa mochedwa."

Anakangana m'Chitonga chothamanga, ine ndikutolamo mawu apa ndi apo. Aneba anayamba kuima m'mphepete mwa bwalo. Mayiwo anati mwana wawo sanakoke munthu, mtsikana anabwera yekha ndi miyendo yake, foni analandira, nsapato analandira. Madamu anadikira mpaka atatopa, kenako ananena mofatsa zaka za mwanayo ndi zimene lamulo limanena, ndiponso kuti ngati titsike phirilo popanda iye, abweranso masana ndi anthu ena amene savula nsapato.

Ine sindinkamvetsera kwenikweni. Ndinkayang'ana mwana wanga, akadali chogwada, maso ali pa mbale.

"Iwe," ndinatero, "tiye kwathu."

Sanadzuke. Analankhula osandiyang'ana. Anati Lamlungu lija mwini boti uja anamuitana kuti akatenge chaja ya foni, anamuchedwetsa ndi nkhani mpaka kunada, kenako anamuuza kuti mtsikana amene wagona kwa mwamuna sabwerera yekha, amadikira makolo ake. Anati m'mawa mwake anakhala pakhonde akuyang'ana njira, akudziwa kuti ndibwera ndi ndodo, ndipo ankaifuna ndodoyo. M'malo mwake anabwera thenga.

"Anati mwalandira. Anati munagwada, munati yewu kwambiri." Anapukuta mphuno ndi mkono, chinangwa chinatsalira pa tsaya. "Ndinaganiza kuti mwatopa nane."

Masiku asanu mwana wanga anakhala pa phiri limenelo akukhulupirira kuti mayi ake anamupereka mothokoza. Ndipo masiku asanu omwewo ine ndinali kukazinga mandasi.

Ngakhale pamenepo misozi sinabwere. Ndinangosendera pafupi naye ndi maondo, ndinatulutsa yunifolomu m'jumbo n'kuiika pamiyendo pake.

"Yewu uja ndabwera kudzamutenga," ndinatero. "Sanali wawo. Ndinalakwitsa ine, mwanawe. Kavale."

Anaigwira nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba. Palibe amene anamuletsa. Atatuluka anali atasiya mpango, chitenje, foni ndi nsapato zija pa mpando, ali chosavala kumapazi. Mayi a mwamuna uja anakana kukhudza mbale, ndipo ife sitinaitole. Tinaisiya pa mkeka pomwepo, nkhuku ikujompha mfundo. Mpaka lero sindidziwa chimene chinali m'katimo.

Tinatsika phiri mpaka ku Chikale. Pamenepo ndinafunsa mnzanga ngati mwambo wa mbale yosavundukula ulipodi.

"Ndinaumva kwa azakhali anga," anatero. Tinayenda pang'ono. "Kapena ndinaupanga dzulo lija, sindikukumbuka. Inu yendani."

Madamu anaseka mpaka anakhala pa mwala. Mwana wanga sanaseke, koma anagwira nsonga ya chitenje changa ngati mmene ankachitira ali wamng'ono pa msika.

Lolemba madamu anatiperekeza ku chipatala. Zimene anatiuza kumeneko ndi za m'nyumba mwathu, koma tinatuluka tikuthokoza Mulungu. Za mwini boti uja zinapita kwa oyenera, ndipo ine anandiitana kawiri kukafotokoza za mbale. Nthawi zonse ziwiri wolembayo ankaima kulemba n'kundiyang'ana ndikafika pa yewu.

Mayeso analemba, koma sanakhoze bwino. Mutu wake sunali pamenepo, ndipo sindinamudzudzule. Chaka chino akubwereza Sitandade 8. Anzake ena amamutcha mkazi wa boti akamadutsa, iye amabwera kunyumba osalankhula, koma m'mawa amavala n'kupita. Kwa azakhali ake sagonakonso, tinagula nyale yotchaja ndi dzuwa. Madamu anamulowetsa m'kagulu ka atsikana kamene kamakumana Lachitatu akaweruka, ndipo ndinamva kuti tsiku lina anaimirira n'kuuza anzake kuti munthu akakuuza kuti makolo ako avomera, uzikafunsa wekha. Sanandiuze iye, anandiuza ndi madamu.

Alamu amandipatsa moni wa panjira basi. Malalanje amatumizabe, koma kudzera kwa anthu. Bambo a ana anakhala miyezi iwiri osaimba, tsopano amaimba n'kufunsa za denga ndi za mbuzi, za mwana amafunsa pomalizira. Ku mapemphero a Lachinayi, ine ndi mayi aja timakhala mabenchi osiyana, ndipo akayambitsa nyimbo ndimaimba nawo, chifukwa nyimbo si yawo.

Anthu amandiuza kuti ndinalimba mtima. Sindikudziwa. Mwendo uja sunabwerere bwinobwino mpaka pano. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mnzanga wa pa doko ndi pakamwa pake, chifukwa cha madamu amene anakwera phiri opanda nsapato, ndiponso chifukwa cha dzanja langa limene linalephera kumasula mfundo. Kuthokozako ndimakunena ndi mutu, mtima ukubwera pambuyo pang'onopang'ono.

Tsiku lina mwana wanga anandipatsa madzi ndikuchokera ku msika, ndipo liwu lija linatuluka lokha. Anaima chilili ndi kapu yachiwiri m'manja. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu timati zikomo. Munthu akabwera ndi kanthu kokutira, kaya ndi chinangwa kaya ndi nsomba, ndimayamba ndafunsa kuti muli chiyani umu, ndipo kachokera kwa yani. Ena amaona ngati ndayamba mwano.

Mayeso akubweranso posachedwa. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko ife a m'nyumba ino. Mukumbukire mtsikanayu, kuti akakhale pa mpando wake mutu uli pamodzi. Mukumbukire bambo ake kutaliko, ndi alamu anga, kuti tsiku lina adzabwere nawo okha malalanje. Ine mungonditchulako pomalizira, kuti mawu a pemphero andibwerere.